Kuwawasa kwa Malambe ndi Malonjezo a M'botolo

Kuno ku Machinga ndi ku Balaka mvula simatikondera kwenikweni. Chimanga chimatha kupserera m'munda anzathu a ku Ntcheu ndi ku Dedza akudandaula za matope. Komabe Chauta sanatimane zonse. Nthaka yotentha ya m'chigwa cha Shire, kuyambira ku Phalula, kudzera ku Utale ndi ku Liwonde mpaka ku Ulongwe, inapatsidwa mitengo itatu yosafuna feteleza, yosafuna kuthirira ndiponso yosadikira makuponi. Mitengo yake ndi mlambe, bwemba ndi msau. Zipatso za mitengo itatu yonseyi n'zowawasa, zina mpaka kukuchititsa tsinya.

Ambirife tinakula tikuziona ngati zakudya za ana ndi za abusa a mbuzi. Munthu wamkulu wovala jekete sakanayenda pamsewu akumung'unya malambe. Mlendo akabwera pakhomo ankathamangira kugolosale kukagula chakumwa cha m'botolo, ngakhale kuti kuseri kwa nkhokwe kunali mulu wa malambe okwanira kumwetsa mudzi wonse. Lero kuwawasa komwe kuja kwabweranso m'mabotolo oyera okhala ndi zilembo zachingerezi, ndipo mtengo wake ukupikisana ndi wa mbuzi yaing'ono.

Ndinaziona ndi maso pa depoti ya minibasi ku Liwonde. Mnyamata wovala tayi, chikwama chakuda chili m'khwapa, anaima pakhomo la minibasi yomwe inkadikira kudzaza. Anatulutsa kabotolo ka makapisozi n'kukagwedeza kuti tonse timve kulira kwake. Anati m'kati mwake muli asidi wa zipatso zachilengedwe, wochokera kunja, wotsuka magazi, wochotsa kutopa, wotsitsa shuga ndi BP, wosungunula mafuta ndiponso wobwezeretsa mphamvu za abambo m'nyumba. Pa mawu omalizawo anthu anaseka, koma amuna awiri akumbuyo anapempha kuti aone botololo. Mayi wina wachikulire anafunsa ngati makapisoziwo angathandize miyendo yake yomwe imatentha usiku. "Mayi, mwafika," anayankha mnyamatayo. "Sabata ziwiri zokha, mudzandifunafuna nokha." Panja pa zenera panali mtsikana atasenza beseni la timatumba ta malambe, koma palibe anamuyang'ana.

Mnyamatayo sindimuda. Ntchito n'zosowa, ndipo zomwe ankanena ndi zomwe anamuphunzitsa amene anamupatsa katunduyo. Chimene chinandikhalira m'mutu n'chakuti m'mawu ake munali kachoonadi kakang'ono, ndipo kachoonadi kameneko ndi kamene kamagulitsa bodza lonse. Asidi wa m'zipatso alipodi, ndipo ali ndi ntchito yake m'thupi. Vuto ndi kukula kwa malonjezo.

Chimene chimawawasa m'chipatso si chinthu chimodzi. M'mandimu muli asidi wotchedwa citric, m'maapozi muli malic, m'bwemba mwadzaza tartaric, pomwe malambe ali ndi msakanizo wa angapo mwa amenewa. Katswiri wina wa ku Sweden, Carl Wilhelm Scheele, ndiye anayamba kuwapatula: wa m'mandimu mu 1784, wa m'maapozi mu 1785. Patapita zaka zambiri, mu 1937, Hans Krebs anaonetsa kuti thupi likamasandutsa chakudya kukhala mphamvu, citric ndi malic amakhala m'kati mwa ntchitoyo. Apa ndi pamene amalonda amagwira. Amati popeza asidi ameneyu ali m'njira yopangira mphamvu, ukameza wambiri mphamvu zichuluka. Chomwe satchula n'chakuti thupi limadzipangira lokha asidi ameneyu usana ndi usiku, kuchokera ku nsima, mbatata kapena chinangwa chomwe munthu wadya. Silidikira kapisozi.

Anthu anayesapo kuti aone. Mu 1995 madokotala a ku Texas ku America anapereka mapiritsi a malic osakaniza ndi magnesium kwa odwala 24 a matenda ophwanya m'thupi osatherapo otchedwa fibromyalgia. Pa nthawi imene odwalawo sankadziwa ngati akumwa mapiritsi enieni kapena ongofanizira, panalibe kusiyana kooneka. Ntchito zotsimikizika za asidi wotere n'zazing'ono ndiponso zapadera. Mankhwala opopera m'kamwa okhala ndi malic amathandiza ena omwe malovu awo amauma. Madokotala amapereka mankhwala a citrate kwa anthu ena omwe amavutika ndi timiyala ta mu impso. Kupitirira apo, za kutsuka magazi ndi zina zija, umboni wake palibe. Magazi amatsukidwa ndi impso ndi chiwindi.

Palinso chinthu china choseketsa pa mawu akuti zachilengedwe. Citric wambiri amene ali m'zakumwa ndi m'mapiritsi masiku ano sachokera m'mandimu. Kuyambira pomwe James Currie anapeza mu 1917 kuti mtundu wina wa nkhungu umatulutsa asidi ameneyu ukadyetsedwa shuga, mafakitale amamupangira m'matanki. Malic wambiri wa m'malonda amapangidwa kuchokera ku zinthu za m'mafuta okumbidwa pansi. Ngakhale vitamini C wa m'mapiritsi, wochuluka amapangidwa ku China kuchokera ku shuga wa m'chimanga. Zimenezi sizitanthauza kuti ndi poizoni, ayi. Thupi limalandira vitamini C wa m'fakitale mofanana ndi wa m'chipatso. Koma chithunzi cha apozi wofiira chomwe chili pabotolo n'chokopera maso basi, ndipo ndalama zambiri zomwe munthu amalipira n'za chithunzicho.

Vitamini C ndiye asidi yekhayo pagululi amene thupi la munthu limamufuna koma silingathe kudzipangira. Mbuzi imadzipangira yokha m'chiwindi, galu chimodzimodzi, koma ife tiyenera kumupeza m'chakudya. Akasowa kwa miyezi, nkhama zimatupa n'kumatuluka magazi, mano amagwedera, zilonda sizipola. Matenda amenewa anapha amalinyero ochuluka zedi pa maulendo ataliatali a panyanja. Dokotala wa ku Scotland, James Lind, anayesa mu 1747 kugawa odwala 12 m'magulu n'kupatsa gulu lililonse chinthu chosiyana. Awiri amene anapatsidwa malalanje ndi mandimu ndiwo anachira msanga. Nkhani ya Lind imandisangalatsa chifukwa mankhwala ake anali chipatso wamba, chodyedwa tsiku ndi tsiku, ndipo mwa zina zomwe zinalephera pa mayesowo munali vinyo wosasa ndi madontho a asidi wa m'botolo.

Pa vitamini ameneyu malambe athu sachita manyazi. Lalanje limakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 50 pa magalamu 100 aliwonse. Ufa wa malambe umasiyanasiyana malinga ndi mtengo wake ndi kasungidwe, koma kawirikawiri umaposa lalanje kangapo, ndipo ofufuza ena apezapo mamiligalamu opitirira 300. Munthu wamkulu, malinga ndi bungwe la WHO, amafunika mamiligalamu 45 patsiku. Ndiye kuti masupuni akuluakulu awiri kapena atatu a ufa wabwino wa malambe angathe kumufikitsa pamenepo. Muufamo mulinso kashiamu wolimbitsa mafupa, potaziyamu, ndiponso pafupifupi theka la kulemera kwake ndi gaga amene sagayika m'mimba koma amathandiza kuti munthu asadzimbidwe. Kapisozi ya asidi ilibe zonsezi.

Amene amakhulupirira kuti zambiri ndiye zabwino akumbuke chidebe cha pamjigo: chikadzaza, madzi owonjezera amangotayikira pansi. Vitamini C wopitirira muyezo amatuluka ndi mkodzo. Ukapyola mamiligalamu 2,000 patsiku umayamba kutsekula m'mimba, ndipo kwa anthu ena timiyala ta mu impso timayambira pomwepo. Chikhulupiriro chakuti kumeza vitamini C wambiri kumateteza chimfine chinafalitsidwa kwambiri ndi buku la Linus Pauling la mu 1970, munthu wanzeru amene analandira mphoto ya Nobel kawiri. Kafukufuku wambiri wachitika kuchokera nthawi imeneyo, ndipo chimene chapezeka n'chakuti kwa munthu wamba chimfine chimabwerabe, kungoti chimafupikirako pang'ono. Tonse tikukumbuka za kumayambiriro kwa 2021, Covid-19 atafika povuta, momwe mandimu ndi jinja zinakwerera mtengo m'misika, anthu akudzifukiza ndi masamba a bulugamu. Mandimu sanali oipa, koma sanalinso katemera.

Kwa ine phindu lalikulu la chipatso chowawasa lili pa nkhani ya magazi. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 63 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali ndi magazi ochepa, ndipo mwa amayi a zaka 15 mpaka 49 anali 33 mwa 100 aliwonse. Aliyense amene anakhalapo pamzere wa sikelo amadziwa momwe anamwino amatsegulira chikope cha mwana n'kupukusa mutu. Kuti thupi lipange magazi limafuna ayironi. Ayironi wa m'nyama ndi m'nsomba amalowa mosavuta, koma wa m'nyemba, nandolo, khobwe, bonongwe ndi chisoso amavuta, makamaka akadyedwa ndi nsima, chifukwa m'chimanga muli zinthu zomwe zimamumanga kuti asalowe. Vitamini C akakhala m'mimba nthawi yomweyo amamasula ayironiyo. Tiyi amachita zosiyana, amamumanga kwambiri. Choncho mayi woyembekezera amene wadya nsima ya nandolo n'kutsitsira kapu ya tiyi wataya gawo la chakudya chake, pomwe mnzake amene watsitsira madzi a malambe, gwafa kapena phwetekere wosaphika wapindulako.

Ngakhale pamenepa tisathamange. Ku Kenya anayesa kupatsa ana asukulu a ku Nairobi chakumwa cha malambe pamodzi ndi chakudya chawo kwa miyezi ingapo, ndipo magazi awo sanasiyane kwenikweni ndi a anzawo omwe sanapatsidwe malambe. Komanso kuno kwathu kuchepa kwa magazi sikuchokera ku chakudya chokha. Malungo amaswa magazi. Njoka za m'mimba zimayamwa. Likodzo, lomwe ana osambira m'madambo a kufupi ndi nyanja za Chilwa, Chiuta ndi Malombe amalidziwa bwino, limatulutsa magazi pang'onopang'ono ndi mkodzo. Mwana wotero ngakhale mutamumwetsa malambe ndowa yonse, akufunikabe neti, mankhwala a njoka ndi a likodzo. Mapiritsi a ayironi omwe amayi amalandira kusikelo nawonso alibe cholowa m'malo mwake. Malambe amangothandizira.

Ndili ndi azakhali anga cha ku Ntaja omwe akhala akumwa mankhwala a BP kwa zaka zambiri. Mdzukulu wawo wina wa ku Joni anawatumizira mabotolo a makapisozi ngati a mnyamata wa padepoti uja, mwachikondi ndithu, atawagula ndi ndalama yokhetsera thukuta. Azakhali ataona kuti mankhwala a kunja afika, anaika a kuchipatala pansi pa mphasa. Nditapita kukawaona ndinawapeza atakhala pakhonde, mutu atamanga ndi duku mothina.

"Azakhali, mapiritsi a kuchipatala aja mukumwabe?"

"Mwanawe, aja ndi a ulere. Awa ndi ogula, a mphamvu."

Tinapita nawo kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mlangizi amene anawayeza anangoti, "Agogo, mukanachedwa pang'ono bwenzi tikukamba zina." Lero ali bwino, akumwanso mapiritsi awo. Koma mawu awo aja, akuti za ulere zilibe mphamvu, ndi amene amapha anthu mwakachetechete. Maganizo omwewo ndi amene amachititsa wodwala shuga kusiya jakisoni ndi womwa ma ARV kudumphitsa masiku. Ndi omwewonso amatipeputsitsa malambe, poti amangogwa okha mumtengo. Dziko lino lili ndi bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2019, komanso la Malawi Bureau of Standards loona za ubwino wa katundu. Koma chikwama cha mnyamata wa padepoti ndi phukusi lochokera ku Joni sizidutsa pa ofesi iliyonse.

Kakonzedwe ka malambe ndi komwe kamasunga kapena kuwononga phindu lake. Chipatsocho chimauma chokha chikadali mumtengo, chinthu chomwe zipatso zambiri sizichita. Chikoko chake n'cholimba, chokutidwa ndi ubweya wobiriwira motuwa womwe umayabwa ukakhudza khosi. Amayi odziwa amayamba apukuta ubweyawo ndi chiguduli kapena kuukwecha pamchenga, kenaka amamenyetsa chipatsocho pamwala. Chikang'aluka mumaoneka timibulu toyera, touma, togwirana ndi timitsitsi tofiirira, ndipo m'kati mwa kambulu kalikonse muli nthanga yakuda yolimba. Timibuluto amatithira mumtondo n'kusinja mopepuka, osati mwamphamvu ngati pokonola chimanga, kuti ufa uchoke koma nthanga zisasweke. Akasefa, ufa umatsika wosalala, wonunkhira mowawasa mpaka kuyetsemulitsa. Ena safuna mtondo, amangoviika timibuluto m'madzi kwa kanthawi, n'kufikisa ndi manja osamba mpaka madzi atachita phalaphala.

Apa pali msampha umene ambiri timagweramo. Vitamini C amaonongeka ndi moto, mpweya ndi dzuwa. Amene amawiritsa malambe pamodzi ndi phala kwa nthawi yaitali amatsala ndi kuwawasa koma vitamini wambiri wapita. Ufawo uyenera kuthiridwa phala litaphulidwa, litayamba kuzizira. Ufa woyanikidwa pamsika m'beseni losavundikira, dzuwa la ku Balaka likuuwomba tsiku lonse, nawonso umachepa mphamvu. Malambe osaswa amasunga vitamini wake bwino kwa miyezi, chifukwa chikoko chimatsekereza mpweya. Ndipo pali chinthu china chodabwitsa: makoko omwewo a malambe ndi amene agogo athu ankaotcha kuti apeze phulusa la chidulo chophikira therere. Chidulo ndi soda zimafewetsa ndiwo, inde, koma zimaphanso vitamini C wa m'masamba. Mtengo umodzi womwewo umapereka vitamini ndi chomuonongera. Sindikuti tisiye therere, pakuti nsima ya therere ndi imene inatilera. Ndikungoti tsiku la therere pakhale kachipatso pambali.

Ndiye pali mafirizi. Palibe sukulu ku Liwonde kapena ku Balaka yomwe pageti pake sipakhala mayi ndi kabokosi kozizira kodzaza timapepala ta malambe oundana. Amayi ambiri alipirira ana fizi ndi bizinesi imeneyi, ndipo ndimaipatsa ulemu. Koma tinene zoona, m'kapepalako shuga ndi kala nthawi zambiri zimaposa malambe. Asidi ndi shuga zikamakhala pamano a mwana tsiku lonse zimadya chikuto cha dzino, ndipo chikatha sichimeranso. Kuchukucha m'kamwa ndi madzi mukatha kudya zowawasa kumathandiza. Za madzi opangira mafirizi ndiye zosachita kunena. Mliri wa kolera umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno unayamba kudziwika mu Malichi 2022 pachipatala cha boma la Machinga lomwe lino. Kuwawasa kwa malambe sikungadaliridwe kuti kupha tizilombo ta m'madzi a pachitsime chosatetezedwa, ndipo kuumitsa mufiriji sikuwayeretsa. Madziwo aziyamba awiritsidwa kapena kuthiridwa kolorini.

Bwemba ndi masau sindizitaya, kungoti nkhani yake ndi yaifupi. Bwemba alibe vitamini C wambiri monga anthu amaganizira. Mphamvu yake ili pofewetsa m'mimba, ndipo amene anadyapo wambiri amadziwa zotsatira zake. Masau aawisi ali ndi vitamini C wokwanira bwino, koma akayanikidwa padzuwa amataya wambiri, ndipo otsalawo ambiri amathera mumphika wa kachasu. Amene ali ndi zilonda za m'mimba kapena chilungulira adziwe kuti zowawasa zonsezi zimatha kuwapweteka, makamaka m'mimba mopanda kanthu. Abale athu achisilamu omwe amamasula swaumu ndi chakumwa cha bwemba kapena malambe amachita bwino akayamba alawa kaphala kapena tende.

Pomwe ife tinkanyoza malambe, ena anali akuwerengera. Cha m'ma 1990 bungwe la Wildlife Society of Malawi linayambitsa ntchito yopanga juwisi wa malambe ndi bwemba kwa Kam'mwamba, m'boma lomwe pano ndi Neno, pofuna kuti anthu apeze ndalama m'mitengo yamoyo m'malo moiotcha makala. Mu 2008 bungwe la PhytoTrade Africa linapeza chilolezo chakuti ufa wa malambe uzigulitsidwa ngati chakudya m'mayiko a European Union, ndipo mu 2009 America nayo inavomereza. Kuchokera pamenepo ufa wa malambe uli m'masitolo a zakudya zopatsa thanzi ku London ndi ku Berlin, m'timapaketi tokongola, ndipo ena amauika m'makapisozi. Kampani ya TreeCrops inayamba kugula malambe m'midzi n'kumatumiza ufa ndi mafuta a nthanga zake kunja. M'masitolo a m'tauni muno muli juwisi wa malambe wa m'mabotolo monga Khathi-Khathi. Ku yunivesite ya Oxford Brookes ku England anachita kakafukufuku kakang'ono mu 2013 komwe kanaonetsa kuti munthu akamwa madzi a malambe podya buledi, shuga wa m'magazi sakwera mofulumira kwambiri. Ndi nkhani yolimbikitsa, koma anthu oyesedwawo anali ochepa, ndipo sikananene kuti malambe amachiza matenda a shuga.

Msika umenewu ndi wabwino. Mayi wa ku Ulongwe amene chimanga chake chapserera amatha kugula ufa ndi ndalama ya malambe, ndipo mtengo umene ukubweretsa ndalama sudulidwa msanga. Chondidetsa nkhawa ndi changu chimene chabwera nawo. Mavenda amafika nyengo isanakwane, ndipo anyamata amakhoma zikhomo pathunthu, kukwera, n'kugwetsa ndi ndodo ngakhale malambe osakhwima, omwe ufa wake umachita nkhungu m'thumba. Pofika Julaye mitengo ya kufupi ndi msewu imakhala ili mbee. Kale mwana wopita kusukulu ankatola lambe lakugwa lokha panjira. Lero mtengo uliwonse uli ndi mwini wake, ndipo mwanayo kuti alawe malambe ayenera kugula firizi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ife wathu tikumugulitsa yense pamtengo wolira, kenaka n'kukagula kabotolo.

Ndipo ndani akubzala? Yendani m'minda ya ku Utale kapena ku Nsanama muwerenge milambe ing'onoing'ono. Mupeza ikuluikulu yokhayokha, yomwe inaona azigogo a azigogo athu. Timitengo tikamera, mbuzi zimabudula, khasu limadula, moto wa osaka mbewa umamaliza. M'nkhalango ya Liwonde njovu zimasenda makungwa ake m'chilimwe pofuna madzi a m'thunthu. Maluwa ake oyera amatseguka madzulo ndipo amadalira kwambiri mileme ndi tizilombo touluka usiku kuti abereke, komabe ana athu amaigenda milemeyo ndi malegeni. Mu 2018 akatswiri motsogozedwa ndi Adrian Patrut analengeza kuti mwa milambe 13 yakale kwambiri mu Africa, 9 inali itafa kapena kugumuka mbali zake zikuluzikulu m'zaka 12 zokha. Mlambe womera kunthanga umatenga zaka zambiri usanabereke, ndipo n'chifukwa chake anthu amagwa ulesi, amati ndidzadya liti. Komatu akatswiri a zamitengo aonetsa kuti womezanitsa umatha kuyamba kubereka m'zaka zosakwana zisanu, mofanana ndi mango. Mbande za bulugamu ndi kesha zimagawidwa chaka chilichonse pa nyengo yobzala mitengo. Za mlambe sindinazionepo pamsonkhano wotero kwathu kuno.

Nthawi imene thupi limasowa kwambiri zipatso ndi ndiwo zamasamba kuno ndi kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala. Minda imakhala itauma, mfutso wayamba kutha, mango sanapse, masuku a m'mapiri a Chikala sanagwe. Banja lopanda dimba limatha masabata likudyera usipa wouma ndi nyemba basi. Malambe amakhwima kuyambira cha mu Epulo, ndipo akasungidwa m'makoko ake pamalo pouma amafika bwinobwino m'miyezi yovutayo. Choncho inu amene muli ndi mlambe m'munda, mavenda akabwera chaka chino gulitsani ndithu, koma siyani thumba limodzi losaswa, mulipachike kudenga komwe makoswe safika. Muziswa awiri kapena atatu pa sabata, muzisungunula m'madzi owiritsa atazizira, shuga pang'ono chabe, ana ndi amayi oyembekezera azimwera pa nsima. Amene muli pa mankhwala a kuchipatala pitirizani kumwa, ndipo botolo lililonse limene mwagula kapena kutumiziridwa mukalionetse kaye kwa adokotala musanalitsegule.